Mizu ya Mwimbi

Kumudzi kwawo, m'tsinde mwa mapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi, Lenia sankatchedwa sing'anga. Sankaombeza ula, analibe nsupa, ndipo Lamulungu lililonse ankapezeka m'tchalitchi atavala chitenje cha kwaya. Anthu ankangoti, "Pitani kwa a Nankhoma, amadziwa mitengo." Nzeruyo anaitenga kwa bambo ake, omwe anagwira ntchito ya ulonda m'nkhalango ya Ntchisi mpaka kumera imvi. Mkuluyo analibe mwana wamwamuna, choncho ankayenda ndi Lenia m'tchire, kumulawitsa makungwa ndi kumununkhizitsa masamba, mpaka mtsikanayo anafika podziwa mtengo ndi lilime lokha, maso ali chitsinzinire.

Mwa mitengo yonse, umene anthu ankaufuna kwambiri unali mwimbi. Unalipo umodzi waukulu m'mphepete mwa kamtsinje kodutsa kudimba kwa Lenia, wamtali, wa masamba ataliatali onyezimira. Ukautema umatulutsa utomoni woyera ngati mkaka, ndipo khungwa lake ndi lowawa moti mkamwa mumawawabe ngakhale utatafuna nzimbe. Lenia ankalipereka kwa odwala malungo, kwa amene mutu ukuwagunda, ndi kwa amene mtima sukukhazikika mpaka kusowa tulo. Bambo ake anamusiyira lamulo la mtengowu: kusenda kachigamba kosaposa chikhatho, kumata dothi pabalapo, ndi kusabwereranso mbali imeneyo mpaka anthu atakolola kawiri.

"Koma mizu usaikhudze," anatero mkuluyo.

Sananene chifukwa chake, ndipo Lenia sanafunse. Ankangoganiza kuti bambo ake akuumvera chisoni mtengo, poti mtengo wodulidwa mizu suchedwa kugwa.

Mwamuna wa Lenia, Elifala, anali mkamwini wochokera ku Nachisaka, mlimi wa fodya wosadziwa kukhala pansi. Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, mutu unayamba kumuvutitsa, wogunda kunkhongo ngati munthu akusinja m'katimo. Kuchipatala anamuyeza n'kumuuza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri. Anamupatsa timapiritsi toyera toti azimwa kamodzi m'mawa uliwonse. Elifala ankamwa ndithu, koma madzulo ankapemphanso kapu ya mwimbi.

"Timapiritsi tija n'ta boma," ankaseka. "Wanu uja ndiye umandigoneka tulo, amake Monika."

Zinayenda choncho kwa zaka ziwiri popanda chovuta. Koma chaka chachitatu, mwezi wa Febuluwale, kumudzi woyandikana nawo kunagwa maliro ndipo anthu onse anakhala kumeneko masiku atatu. Atabwerako, Lenia anapita kudimba n'kupeza mwimbi uli mbee. Anthu ogulitsa mankhwala m'misika anabwera ndi zikwanje n'kuusenda kuyambira pansi mpaka pamene mkono wa munthu wamtali ungafike. Anangosiya kachingwe kamodzi ka khungwa kumbali yoyang'ana kumadzi, mwina chifukwa poterera pankawavuta kuponda. Utomoni unali utaumira pathunthupo mizeremizere.

Lenia anadziwa kuti akasenda kachingwe kotsalako, mtengo wafa. Mimwimbi ina inali kumtunda, m'kati mwa nkhalango ya boma, kumene munthu sangolowa ndi mpeni. Ndipo Elifala anali atagona masiku anayi osamwa mwimbi, mutu wayambiranso, fodya nayenso wapsa m'munda akufuna kuthyoledwa. Lenia anaima nthawi yaitali pamenepo. Kenaka anatenga khasu, anafukula muzu umodzi wonenepa ngati dzanja la mwana, n'kudulako chidutswa. Anausenda, anauwiritsa monga ankachitira ndi khungwa, madzi omwewo, kapu yomweyo.

Elifala anamwa masiku asanu ndi anayi. Anati mutu wasiyiratu ndipo akugona ngati khanda. Lenia anaona kuti mwamuna wake wachepetsa zolankhula, komanso kuti akakhala pansi amachedwa kudzuka, koma anati n'kutopa kwa nyengo ya fodya.

Tsiku lakhumi m'mawa anali m'chigafa, akupachika fodya amene anasoka dzulo lake. Elifala anakwera pamtanda wa pamwamba, Lenia ali pansi akumupatsira mikangala, timitengo tokolekapo fodya wosokayo. Atapachika isanu ndi umodzi, Elifala anaweramuka n'kugwira nsanamira.

"Tadikirani kaye," anatero. "M'maso mwachita mdima."

Dzanja linatayilira, ndipo anagwa chagada, nkhongo n'kumenya pa chitsulo cha ngolo imene inali m'mphepete mwa chigafacho.

Anamunyamula pa ngolo yomweyo mpaka kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Namwino anamukulunga chopimira pamkono, anayang'ana, anapimanso kachiwiri, kenaka anatembenukira kwa Lenia.

"BP yawo yatsika kwambiri. Amwa chiyani bambowa?"

Alamu ake a Lenia anali ataima pakhomo, pamodzi ndi anthu ena a kumudzi.

"Mapiritsi awo okha," anayankha.

Ambulansi inawatengera kuchipatala cha boma, ndipo Elifala anamwalira tsiku lotsatira masana osatsegulanso maso. Pamaliro anthu anati ndi BP, matenda a masiku ano. Ena anati anangoterereka. Palibe ngakhale mmodzi amene anatchula mwimbi.

Kuyambira pamenepo Lenia anasiya mankhwala. Wobwera pakhomo ankamuuza kuti maso ayamba kumuvuta, sakusiyanitsanso masamba. Kudimba ankapita, koma ankalambalala mtengo uja. Kawiri konse anagwada pamaso pa wansembe kuti alape, ndipo kawiri konse anangonena za mkwiyo ndi za miseche n'kudzuka. Munthu angalape bwanji chinthu chimene sakudziwa ngati anachichitadi? Bodza limene anauza namwino ankalidziwa bwino, koma kulitchula kukanafuna kuti atchulenso muzu, ndipo pamenepo ankabwerera m'mbuyo. Mwana wake yekhayo, Monika, amene anakwatiwa ku Dzoole, ankabwera kudzamuona n'kumadandaula kuti amayi akuwonda. Lenia ankati ndi ukalamba.

Patatha zaka ziwiri, tsiku lina la mwezi wa Malichi, Agustino, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, anafika pa njinga yamoto atakweza mayi wina wachitsikana wovala nsapato zokwerera mapiri. Lenia anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango.

"Awa ndi a Debora," anatero Agustino. "Achokera ku yunivesite ku Lilongwe. Amafufuza za mitengo ya mankhwala. Kulikonse kumene tafunsa za mwimbi, anthu akutitumiza kwa inu."

Debora anapereka moni mwaulemu, atagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere. Anafotokoza kuti ntchito yake n'kutenga makungwa, masamba ndi mizu, kuziumitsa, kuzipera, n'kuona ndi makina kuti muli chiyani m'kati mwake. Anati kumayiko ena, mtengo wa mtundu wofanana ndi mwimbi unatulutsapo mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo iye ankafuna kudziwa ngati mwimbi wa m'mapiri ano ulinso ndi mphamvu yotereyo.

"Ndinasiya zimenezo," anatero Lenia. "Funsani ena."

Debora sanakakamire. Anathokoza, anamwa madzi amene anapatsidwa, n'kuyamba kutseka chikwama chake. Lenia ankamuyang'ana zala zikumanga zingwe za chikwamacho. Mawu aja akuti otsitsa kuthamanga kwa magazi anali akumuzungulira m'mutu.

"A Agustino," anatero mwadzidzidzi, "tapitani mukaone mbuzi yanga ili kuseriko, yatupa mwendo. Inu mumadziwako za jakisoni."

Agustino anamuyang'ana, anamvetsa, n'kunyamuka. Atazimiririka kuseri kwa khola, Lenia anasendera pafupi.

"Makina anuwo, mwana wanga, amangoona ngati mankhwala akuchiza? Kapena amathanso kuona ngati angaphe munthu?"

"Amatiuza kuchuluka kwa mphamvu imene ili m'katimo," anayankha Debora. "Tikadziwa zimenezo, timayesa pa makoswe kuti tione mlingo umene umathandiza ndi umene umavulaza. Bwanji amayi, mwafunsa choncho?"

Lenia anayang'ana kuchigafa, chimene tsopano chinali chopanda denga. Ndiyeno anamuuza zonse mlendoyo, munthu amene anali asanamuonepo chibadwire: za anthu osenda mtengo, za khasu, za masiku asanu ndi anayi, za funso la namwino ndi yankho lake. Ankalankhula motsitsa, osalira, ngati akunena za munthu wina. Debora sanalembe kalikonse. Cholembera chinali m'dzanja, koma sanachitsegule.

"Ndikupatsani khungwa, ndikupatsaninso muzu," anamaliza Lenia. "Ndikuuzani madzi ake ndi kawiritsidwe kake, chilichonse chimene bambo anga anandiphunzitsa. Koma mukapeza yankho, musanditumizire pa foni ya a Agustino. Mubwere nokha, mudzakhale pamphasa pano, mudzandiuze m'maso muli gwa. Likakhala loipa, mudzandiuzebe."

"Ndidzabwera," anatero Debora.

Anatsikira kudimba onse awiri. Mwimbi sunafe. Mbali imodzi nthambi zinauma, koma kachingwe ka khungwa kaja kanakula n'kuyamba kukwirira bala, ndipo m'tsinde munaphuka timitengo tatiwisi. Lenia anasenda kachigamba kakang'ono panthambi yamoyo, n'kumatapo dothi. Pofukula muzu analekera panjira, moti Debora anapempha khasulo kuti amalize yekha. Anaika khungwa m'thumba lina, muzu m'thumba lina, n'kulembapo tsiku ndi malo. Anafunsa kukula kwa poto, kuchuluka kwa madzi, ndi kutalika kwa nthawi yowiritsa. Atabwerera kunyumba, Lenia anabweretsa kapu imene Elifala ankamwera, yachitsulo, yobenthuka m'mphepete, ndipo Debora anaithira madzi n'kuwayeza m'botolo lake la mizere.

Miyezi inapita. Anthu anakolola chimanga, anakumba mtedza, mphepo ya mwezi wa Juni inawomba kuchokera kumapiri n'kudutsa. Lenia akamva njinga yamoto pamsewu ankasiya chimene akuchita n'kumvetsera mpaka phokoso litazilala. Nthawi zina ankalakalaka mtsikanayo atangoiwala. Anthu a mumzinda amalonjeza zambiri akafuna chinthu, ankadziuza choncho, ndipo m'mawu amenewo ankapezamo mpumulo pang'ono, pamodzi ndi manyazi.

Debora anabwera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anabwera yekha, pa kabaza, ndipo anamuuza wa kabazayo kuti akadikire kusitolo. Atapatsana moni anatulutsa pepala limodzi lokhala ndi mizere yokwera ndi kutsika ngati mapiri.

"Ine sukulu ndinalekera sitandade 4," anatero Lenia. "Mungondiuza."

Debora anapinda pepalalo n'kuliika pamwendo.

"Mwimbi wanu uli ndi mankhwala enieni, amayi. Bambo anu sankanama. Khungwa lija, titaliwiritsa monga munanenera, linatsitsa kuthamanga kwa magazi kwa makoswe pang'onopang'ono, ndipo ankagona bwino. Aphunzitsi anga akondwa nazo kwambiri, akufuna tipitirize. Mwina tsiku lina mudzatuluka mankhwala a m'chipatala, ngakhale kuti ulendo wake ndi wautali."

"Nanga muzu?"

"Muzu umene munandipatsa unali ndi mphamvu yoposa ya khungwa kasanu, mwinanso kupitirira. Kapu imodzi ya muzu inali ngati makapu asanu a khungwa." Kenaka anapitiriza: "Makoswe amene tinawapatsa muzu anafooka, ankangokhala pamodzimodzi. Amene tinawapatsa muzu pamodzi ndi mapiritsi ngati amene bambo ankamwa, magazi awo anatsika kwambiri. Munthu zikamuchitikira zotere, akaweramuka msanga amachita chizungulire, m'maso mumada."

Lenia anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Nkhuku inadutsa pamphasa ndipo sanaiingitse.

"Ndiye kuti ndinawapha."

"Zimenezo sindinganene."

"Munalonjeza kuti simudzandibisira."

"Sindikubisa, amayi. Ndikukuuzani pamene nzeru zanga zalekezera." Debora anasendera pafupi. "Kuti muzu ukhoza kuchititsa chizungulire chimene bambo anachita, inde, ukhoza, ndipo ndikanama nditati ayi. Koma ine ndayesa makoswe, sindinawayeze bambo. Anali munthu wodwala kale, wotopa, ali pamwamba m'chigafa motentha. Ndinafunsanso dokotala wina, osatchula dzina lanu. Iye akuti munthu akavulala kwambiri chotero, magazi amatha kutsika chifukwa cha kuvulalako. Choncho zimene namwino anaona sizikutiuza chimene chinayamba."

"Nanga ndikanamuuza namwino uja zoona? Akanawapulumutsa?"



"Dokotalayo akuti chimene chimapha munthu wogwa chotero ndi magazi otayikira m'mutu, ndipo kudziwa za muzu mwina sikukanasintha kanthu. Koma anati mwina. Sananene kuti ndithu. Ine ndikanakonda namwinoyo akanauzidwa."

Lenia anayang'ana mtsikanayo nthawi yaitali. Anali akuyembekeza chimodzi mwa ziwiri, kumasulidwa kapena kumangidwa, ndipo sanalandire chilichonse mwa izo. Komabe anaona kuti mtsikanayo sanamunyengerere ngati mwana, ndipo pa chimenecho anamulemekeza.

"Bambo anga ankadziwa," anatero. "Anati mizu usaikhudze. Ine ndimayesa akunena za mtengo."

"Mwina anaonapo wina zitamuchitikira."

"Akanangondiuza chifukwa chake." Mawu ake anasweka kwa nthawi yoyamba. "Mawu awiri okha. Akuluakulu athu ankatipatsa lamulo, chifukwa chake n'kupita nacho kumanda."

Debora asananyamuke anapempha chinthu chimodzi. Anati m'misika ya ku Mponela ndi ku Dzaleka anaonamo mabotolo a mankhwala a BP, ndipo ogulitsa ena anamuuza okha kuti amathiramo mizu ya mwimbi chifukwa ndiyo imagwira msanga. Anthu ambiri ogula mabotolowo amamwanso mapiritsi a kuchipatala. Iye adzalemba zimene wapeza, koma zolemba zake zidzawerengedwa ndi anthu a m'maofesi, patapita chaka kapena ziwiri.

"Anthu a kuno sangamvere ine," anatero. "Inu angakumvereni. Sindikuti munene za bambo. Mungonena za muzu."

"Ndamva," anayankha Lenia. "Koma pali munthu woyenera kumva poyamba."

Loweruka lotsatira anakwera galimoto kupita ku Dzoole. Anapeza Monika akusenda mtedza pakhonde, ana atapita kukatekisimu, mwamuna wake ali kumsika. Monika anadabwa kuona amayi ake atabwera osatumiza mawu. Anafuna kuyamba zophika, koma Lenia anamugwira dzanja.

"Khala pansi. Ndabwera ndi nkhani ya bambo ako."

Anaifotokoza monga anaifotokozera kwa Debora, n'kuwonjezera zimene makina anapeza. Sanadzichepetsere mlandu, sanadziwonjezerenso. Monika anamvetsera maso ali pa lichero. Lenia atamaliza, njiwa zinali zikulira padenga la oyandikana nawo.

"Zaka ziwiri ndi theka," anatero Monika, mawu ali ouma. "Ine kubwera kwanu mwezi ndi mwezi, inu n'kumandiuza kuti ndi ukalamba."

"Ndinachita mantha."

"Munanamiza namwino bambo ali gone pamenepo."

"Ndinanama."

Monika anadzuka n'kulowa m'nyumba. Lenia anatsala yekha pakhonde, manja ali pamiyendo. Sanamutsatire. Anaganiza kuti ngati mwanayo atuluke n'kumuuza kuti azipita, adzanyamuka osayankha kanthu. Patapita nthawi Monika anatuluka, maso ali ofiira, n'kukhala pansi, osati pamene anali poyamba koma pafupi ndi amayi ake.

"Nanenso ndili ndi yanga," anatero. "Mukukumbuka ndinabwera Lachitatu, kutatsala masiku awiri kuti agwe? Ndinadzatenga mbewu ya nyemba."

"Ndikukumbuka."

"Inu munali kumapemphero a mphakati. Ine ndi bambo tinali kumunda. Anawerama kuti anyamule mtolo wa fodya, podzuka anadzandira n'kugwada pamzere. Ndinawagwira. Anandiuza kuti n'kachitatu sabata imeneyo." Monika anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Ndinati tiyeni kuchipatala. Anakana. Anati, 'Usawauze amako. Akamva andiletsa kukwera m'chigafa, ndiye fodya yense awolera pansi. Tikamaliza kupachika ndipita.' Anandilumbiritsa, amayi. Ine ndinakwera njinga n'kubwerera kuno. Lachisanu ndikumva foni."

Lenia akanadziwa za chizungulirecho, akanataya poto yense tsiku lomwelo. Anazidziwa zimenezo, ndipo anaona kuti Monika nayenso wazidziwa tsopano.

"Ndimayesa ndine ndinawapha," anatero Monika. "Nthawi yonseyi ndikamakuonani mukuwonda, ndimati n'chifukwa cha ine."

Lenia anamukokera pachifuwa monga ankachitira ali wamng'ono, ndipo analira onse awiri, kulira kumene sanalire pamaliro. Mayi wina woyandikana nawo anasuzumira pampanda, anaona, n'kubwerera mwakachetechete. Atatonthola anakhalabe pomwepo. Palibe anauza mnzake kuti palibe mlandu. Anayamba kukumbutsana za Elifala, kuuma mutu kwake, mmene ankakanira kubwereka ngakhale nkhwangwa, mmene ankaimbira molakwitsa nyimbo za Misa mokweza kuposa aliyense. Lenia anagona komweko masiku awiri.

Atabwerera kwawo anapita kwa wansembe, ndipo ulendo uno ananena zonse. Kenaka anakaonana ndi Agustino.

Lachinayi loyamba la mwezi linali tsiku la odwala BP ndi shuga pachipatala chaching'ono chija. Anthu ankakhala pamabenchi a pakhonde kudikira kuyezedwa ndi kulandira mapiritsi, ndipo mwachizolowezi Agustino ankayamba ndi kuwalankhula za mchere ndi mafuta. Tsiku limenelo anangoti, "Lero a Nankhoma ali ndi mawu," n'kukhala pansi.

Lenia anaima kutsogolo atanyamula kachigamba ka khungwa kudzanja lamanja ndi kachidutswa ka muzu kumanzere. Ambiri ankamudziwa. Ena anali anthu amene anawabweza pakhomo pake ndi bodza la maso.

"Uwu ndi mwimbi," anayamba. "Nonse mukuudziwa. Ili ndi khungwa, uwu ndi muzu. Mtengo ndi umodzi, koma mphamvu si imodzi. Anthu a sukulu ayeza muzu wa kudimba kwanga, apeza kuti kapu imodzi ikufanana ndi makapu asanu a khungwa. Ukaphatikiza ndi mapiritsi amene mwadzalandirawa, magazi amatsika kupitirira muyezo, munthu n'kugwa."

Debora anali atamuuza kuti akhoza kulekera pomwepo. Lenia anapuma, anayang'ana pakhomo la chipinda chopimira, n'kupitiriza.

"Amuna anga, a Elifala, munkawadziwa. Masiku asanu ndi anayi asanagwe m'chigafa ndinkawamwetsa muzu umenewu, akumwanso mapiritsi. Ngati ndi umene unawagwetsa, Mulungu yekha ndiye akudziwa. Koma atandifunsa muno kuti amwa chiyani, ndinabisa. Inu musadzachite zimene ndinachita ine."

Mayi wina anagwira pakamwa. Mkulu wina wa ndodo, amene anakhala kumapeto kwa benchi, anakweza dzanja.

"Ndiye mukuti tiusiye mwimbi, a Nankhoma? Makolo athu anakulira womwewu."

"Sindinatero, bambo. Mtengowu ndi mankhwala, ngakhale a ku yunivesite avomera. Ndikuti muzu ayi. Ndipo amene ali pa mapiritsi asamwe ngakhale khungwa asanawauze adokotala. Botolo la kumsika simudziwa chimene athiramo."

"Nanga mapiritsi akatha kuno, ife tizitani?" anafunsa wina kumbuyo.

Lenia ananena kuti yankho la zimenezo alibe. Agustino anadzuka n'kuyankhapo zimene akanatha. Kenaka namwino anatsegula chitseko n'kuitana dzina loyamba, mzere n'kuyamba kuyenda. Ena podutsa anamugwira Lenia dzanja. Ena anayang'ana kumbali, ndipo iye anadziwa kuti pofika madzulo nkhaniyo ikhala itafika ku Nachisaka, kwa abale a Elifala, ndi kuti adzayenera kupita kukaonana nawo.

Anali atafika kale pamsewu pamene anamva mapazi kumbuyo. Anali mayi wina wamng'ono thupi, wosamudziwa, atabereka mwana kumsana, buku la kuchipatala lili m'manja.

"Pepani amayi," anatero mayiyo akupuma mwawefuwefu. "Bukuli ndi la apongozi anga aamuna, ndimadzawatengera mapiritsi. Ali ndi botolo limene anagula kumsika, amamwa m'mawa ndi madzulo. Dzana anagwa pokwera njinga, akuti anapunthwa. Ine ndikawauza sangandimvere, ndine mtengwa chabe. Koma inu akhoza kukumverani."

"Mumakhala kuti?"

Mayiyo analoza kuseri kwa phiri, kumene njira imakwera pakati pa minda ya mbatata. Unali ulendo wa maola awiri, ndipo dzuwa linali litakwera kale. Lenia anali asanadye kanthu chidzukire. Anayang'ana njira ya kwawo, kenaka anamasula chitenje n'kuchimanganso molimba m'chiuno.

"Tsogolani," anatero.